Chilankhulo Chosoŵa pa Fomu: Ndemanga pa Kauniuni wa Maphunziro m'Mayunivesite a Boma, Poyang'ana ku Mangochi

Mphunzitsi aliyense wa payunivesite ya boma m'Malaŵi tsopano adaizoloŵera ntchito imene pa Chingerezi amaitcha quality assurance, imene ife m'pepala lino tidzaitchula kuti kauniuni wa maphunziro. Cholinga chathu sikunyoza ntchitoyi, pakuti ili ndi phindu lake ndipo tidzalitchula. Mfundo yathu ndi imodzi. Kauniuni wa m'kati mwa yunivesite, monga momwe amachitikira, amalondola bwino ulendo wa Chingerezi kuchokera pakamwa pa mphunzitsi kukafika papepala la mayeso. Koma salondola konse ulendo wachiŵiri, umene nzeru zomwezo ziyenera kuyenda kuchokera kwa wophunzira kukafika kwa munthu wosamva Chingerezi. Tasankha boma la Mangochi chifukwa kumeneko ndi kumene maulendo aŵiriŵa amasiyanirana poyera.

Kumene kauniuni adachokera

Yunivesite ya Malaŵi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo ophunzira oyamba adaloŵa m'chaka cha 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Njira yaikulu yotetezera ulemu wa digiri yake idabwerekedwa ku Britain: mphunzitsi alembe mafunso, anzake a m'dipatimenti awaone, woyesa wochokera kuyunivesite ina aŵerengeko mapepala ena a ophunzira ndi kulemba lipoti, kenaka Seneti ivomereze zotsatira. Mwambo wa woyesa wakunja ndi wakale. Yunivesite ya Durham idayamba kuitana oyesa a ku Oxford m'zaka za m'ma 1830 pofuna kutsimikizira anthu kuti digiri yake njofanana ndi ya mayunivesite akuluakulu. Tiyenera kuzindikira funso limene mwambowu udabadwira kuti uyankhe. Funsolo ndi lakuti, kodi digiri ya kuno ingalandiridwe uko? Ndi funso loyang'ana kunja, ndipo chilankhulo chake sichingakhale china koma cha kunjako.

Zimene zidadza pambuyo pake zidakuza nyumbayo popanda kusuntha maziko. Ku Britain bungwe la Quality Assurance Agency lidayamba m'chaka cha 1997; nduna za maphunziro za ku Ulaya zidavomereza miyezo yofanana ku Bergen m'chaka cha 2005. Kuno kwathu lamulo la m'chaka cha 2011 lidakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education, limene limalembetsa ndi kuvomereza masukulu a ukachenjede pamodzi ndi maphunziro awo. Mayunivesite a boma nawo adachuluka: ya Mzuzu kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, LUANAR m'chaka cha 2012, MUST ku Thyolo m'chaka cha 2014, ndipo m'chaka cha 2021 Yunivesite ya Malaŵi idagaŵidwa, nipabadwa MUBAS ndi KUHeS. Pamene masukulu achuluka chotere nkoyenera ndithu kuti pakhale miyezo. Mphunzitsi wojomba, mayeso obwerezedwa chaka ndi chaka osasintha ngakhale chilembo, malikisi operekedwa mokondera: zonsezi kauniuni amatha kuzigwira, ndipo wophunzira wa lero ali ndi podandaulira pamene wa kale adalibe.

Koma taonani zida zake. Pali ndondomeko ya phunziro, yolembedwa m'Chingerezi. Pali mafunso a mayeso ndi mayankho ake, m'Chingerezi. Pali fomu imene ophunzira amadzaza pakutha pa chigawo cha chaka, yofunsa ngati mphunzitsi amafika panthaŵi yake, ngati amafotokoza momveka, ngati amabweza ntchito msanga. Pali lipoti la woyesa wakunja. Pa mafomu otere amene ife tawaona sitidapezepo funso lofuna kudziŵa chilankhulo chimene wophunzira adzagwirire ntchito akadzachoka pasukulu. Chilankhulo chikatchulidwa, chimatchulidwa ngati vuto la wophunzira: kuti Chingerezi chake nchofooka. Motero pepala limayesa pepala linzake, ndipo onse oŵerenga ndi anthu a chilankhulo chimodzi.

Ku Mangochi

Koleji ya za udokotala idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo oyambitsa ake adachita chinthu chanzeru posafuna kuti dokotala wa m'Malaŵi akulire m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth mokha. Adakhazikitsa nthambi ku Mangochi yophunzitsirako zaumoyo wa anthu a m'midzi, ndipo chipatala chaching'ono cha Lungwena, kum'maŵa kwa nyanja, chidasanduka malo ophunzirira ndi ochitirako kafukufuku. Chiyambire pamenepo ophunzira za udokotala akhala akutumizidwa ku Mangochi kukaona ntchito ya pachipatala cha boma ndi ya m'midzi. Tikutchula sukuluyi osati chifukwa chakuti ndi yolakwa koposa ena, koma chifukwa idachita zimene ena sadachite: idatengera wophunzira kwa anthu. Pakutero idaonetsa poyera funso limene m'madipatimenti ena limabisala.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'boma la Mangochi muli anthu opitirira 1.1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi Ayao. Wophunzira wofika kumeneko adaloŵa kuyunivesite atakhoza bwino Chingerezi pamayeso a Fomu 4, pakuti popanda icho khomo silitseguka. Adaphunzira za thupi la munthu m'Chingerezi chosakaniza ndi Chilatini. Tsono wakhala pampando, ndipo patsogolo pake pali mayi wochokera kwa Makanjira kapena ku Namwera. Ntchito yoyamba ya udokotala, imene madokotala eni ake amati ndiyo imaulula matenda ambiri asanayeze magazi, ndi kufunsa wodwala mbiri ya matenda ake. Ntchito imeneyi ndi ya chilankhulo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Ena adzati Ayao ambiri amamva Chicheŵa, ndipo nzoona, makamaka amuna, amalonda ndi onse odutsa m'sukulu. Koma kumva Chicheŵa cha pamsika si kumva Chicheŵa cha m'chipinda choyezera odwala, pamene munthu ali ndi ululu, manyazi ndi mantha. Ndiponso, ngakhale Chicheŵa chenichenicho, ndani adamuyesa wophunzirayo kuti amachidziŵa pa ntchito imeneyi? Timangoganiza kuti popeza adabadwira muno ndiye kuti achitha. Ganizo limeneli katswiri wa zilankhulo sangalivomereze. Kudziŵa chilankhulo cha pakhomo ndi kudziŵa kufunsa mafunso a udokotala m'chilankhulocho ndi maluso aŵiri. Mngerezi wobadwira ku London amaphunzitsidwa ndi kuyesedwa kafunsidwe ka wodwala m'Chingerezi chake chomwe.

Titenge zitsanzo. Mau akuti malungo, pakamwa pa anthu ambiri, amatanthauza kutentha ndi kuphwanya kwa thupi, osati matenda okhawo ofalitsidwa ndi udzudzu. Wodwala akati ali ndi malungo akufotokoza zimene akumva, wophunzira amene m'mutu mwake mauŵa adamangika ku liwu limodzi la Chingerezi adzalemba dzina la matenda, ndipo pofunsa kuti "Mudadwalapo malungo?" adzalandira inde amene sayankha funso lake. Mau akuti kusamba ali ndi matanthauzo aŵiri, la kumadzi ndi la kumwezi, ndipo funso lakuti "Mudasamba liti?" likafunsidwa ndi mnyamata kwa mayi wamkulu amene Chicheŵa ndi chilankhulo chake chachiŵiri, yankho likhoza kukhala la dzulo madzulo kunyanja. Kupita padera, kukhala ndi pakati, kudwala maganizo, tsempho, kanyera: ena mwa mauŵa ndi ophiphiritsa, ena amanyamula chiphunzitso chathunthu cha chiyambi cha matenda chimene sichili m'buku la ku Edinburgh. Nanga nthaŵi za mneni? Pakati pa ndadwala, ndidadwala ndi ndakhala ndikudwala pali kusiyana kumene dokotala akufunafuna, kwa matenda a lero, a kale ndi a mgonagona, ndipo womasulira wofulumira amatha kuzimeza zonse zitatu m'liwu limodzi.

Tikaloŵa m'Chiyao nkhani imakula. Liwu lakuti mtela limatanthauza mtengo, limatanthauzanso mankhwala, kotero kuti funso lofuna kudziŵa ngati wodwala wamwa kale mankhwala liyenera kusiyanitsa a kuchipatala, a kugolosale ndi a kwa sing'anga, apo ayi yankho silidzathandiza. Ulemu nawo uli ndi galamala yake. Mcheŵa polemekeza amati "Muli bwanji?", kugwiritsa ntchito muŵerengo wa ambiri, Myao amati "Ali uli?", ngati kuti akunena za munthu wachitatu. Chicheŵa chili nayo njira imeneyi, monga tikamati "Akufuna chiyani bambo?", koma m'Chiyao ndiyo njira ya masiku onse polankhula ndi wamkulu kapena mlendo. Wophunzira wosadziŵa zimenezi akhoza kusokonezeka kuti akunenedwa ndani, kapena kulankhula ndi gogo monga alankhulira ndi mwana. Gogoyo sadzadandaula. Adzangoyankha mwachidule, ndipo zimene sadanene sizidzalembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala.

Pamene zilankhulo zasemphana, chimene chimachitika nchodziŵika kwa aliyense woyenda m'zipatala zathu: amaitanidwa namwino, wantchito wa m'wodi, mlangizi wa zaumoyo, kapena wachibale wodikirira wodwalayo, nthaŵi zina mwana wake. Gregory Kamwendo adafufuza nkhani yotereyi pachipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo buku lake lidatuluka ku Helsinki m'chaka cha 2004. Lidaonetsa mmene ntchito yomasulira imagwera anthu osaphunzitsidwa ntchitoyo pamene palibe ndondomeko ya chilankhulo. Kuopsa kwake kudaŵerengedwa kwina. Ku America, Glenn Flores ndi anzake m'chaka cha 2003 adajambula makambirano 13 a madokotala a ana ndi makolo olankhula Chisipanishi, napeza zolakwa pafupifupi 31 pa kukambirana kulikonse. Mwa zolakwa za omasulira ongoitanidwa mwadzidzidzi, 77 pa 100 zilizonse zikadatha kukhudza chithandizo cha wodwala, pamene mwa za omasulira a chipatala zidali 53 pa 100. Ziŵerengerozi ndi za dziko lina ndi zilankhulo zina, ndipo sitikuzisamutsira ku Lungwena; chimene zikutiuza nchakuti nkhaniyi imayezeka. Si nkhani ya chifundo chabe kapena ya kunyadira mtundu.

Tsono apa ndi pamene kauniuni amasochera. Wophunzira uja akabwerera, amalemba mbiri ya wodwalayo m'Chingerezi chosalala, naipereka kwa mphunzitsi. Mphunzitsi amaichonga, mnzake amavomereza, woyesa wakunja amayamikira kuti muyezo ndi wofanana ndi wa kwawo. Onseŵa anena zoona pa zimene aona. Koma gawo limene kulakwa kukadachitikira, pakati pa pakamwa pa mayi ndi cholembera cha wophunzira, silidaonedwe ndi aliyense wa iwo, ndipo mwini wake wa mauwo alibe fomu yoti adzaze.

Chodabwitsa nchakuti yunivesite yomweyo, ikavala chovala cha kafukufuku, imadziŵa bwino lomwe kulemera kwa chilankhulo. Ku Lungwena, kumene akatswiri a kuno akhala akugwira ntchito ndi anzawo a ku Tampere m'dziko la Finland kuyambira m'zaka za m'ma 1990, palibe akadasonkhanitsa nkhani za amayi ndi ana popanda anthu olankhula chilankhulo cha m'midzimo. M'chaka cha 2014 Robert Stewart ndi anzake adafalitsa zotsatira za ntchito imene adamasulira m'Chicheŵa ndi m'Chiyao mafunso oyezera chithandizo chimene mayi woyembekezera amalandira kwa abale ndi abwenzi, nawayesa pa amayi a kusikelo ku Mangochi kuti aone ngati akuyezadi chimene adapangidwira. Wofufuza amatero chifukwa akapanda kutero magazini ya akatswiri idzakana pepala lake. Ndiye kuti pamene woŵeruza ali kunja ndipo akufunsa za chilankhulo, timayankha mosamala. Pamene fomu siifunsa, nkhaniyo imasiyidwa kwa wantchito wa m'wodi.

Sitikunena za madokotala okha, ngakhale kuti kwa iwo mtengo wa kulakwa ndi woonekeratu. Wophunzira za usodzi amaloŵeza maina a Chilatini a mitundu ya chambo, koma akadzaima pamaso pa komiti ya asodzi a kunyanja ya Malombe, mwa makomiti aja adayamba m'chaka cha 1993, adzayenera kufotokoza chifukwa chotsekera nyanja kwa anthu odziŵa nkacha ndi chilimira kuposa iye. Mphunzitsi wa sekondale, mlangizi wa zaulimi ndi woŵeruza milandu ali m'bwato lomwelo.

Mbiri ya kusalankhulapo

Kusoŵa kwa funsoli pa fomu kuli ndi mbiri. Kalembera wa m'chaka cha 1966 adaonetsa kuti anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse ankalankhula Chiyao pakhomo. Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa m'chaka cha 1968 udakweza Chicheŵa pamodzi ndi Chingerezi, nusiya zilankhulo zina kunja kwa sukulu ndi wailesi. Bungwe la Chichewa Board lidatsatira m'chaka cha 1972. Zinthu zitasintha, m'chaka cha 1996 boma lidalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, ndipo chaka chomwecho Centre for Language Studies idaloŵa m'malo mwa bungwe lija. M'chaka cha 1999 akatswiri adasonkhana ku Mangochi komweko, m'mbali mwa nyanja, kukambirana ndondomeko ya chilankhulo m'maphunziro. Kenaka lamulo la maphunziro la m'chaka cha 2013 lidabwezera Chingerezi pampando monga chilankhulo chophunzitsira. M'kukokanakokana konseku maso adali pa mwana wa pulayimale. Zoti kuyunivesite nkwa Chingerezi chokha zidatengedwa ngati chilengedwe, ndipo opanga miyezo ya kauniuni adapeza nkhaniyo itatsekedwa kale asanafike.

Pali kanthu kena kochititsa manyazi pang'ono m'mbiriyi. Mtanthauziramau wa Chiyao amene adasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1954 adalembedwa ndi Meredith Sanderson, ndipo Sandersonyo adali dokotala wa boma la atsamunda. Ndi yemweyo adalemba galamala ya Chiyao ndi kumasulira buku la Yohanna Abdallah la mbiri ya Ayao la m'chaka cha 1919. Sitikulakalaka masiku amenewo. Atsamunda ankaphunzira zilankhulo zathu kuti alamulire bwino. Komabe iwo ankadziŵa kuti chilankhulo ndi chida cha ntchito, ndipo ankalembetsa antchito awo mayeso a zilankhulo za m'dziko.

Zotsutsa

Chotsutsa choyamba, ndipo ncholemera, nchakuti Chingerezi cha ophunzira athu nchofooka kale, ndiye nthaŵi yochepa imene ilipo iyenera kupita kumeneko. Sitikukana kufookako, ndipo sitikupempha kuti maphunziro a za thupi la munthu aziphunzitsidwa m'Chiyao. Mabuku ali m'Chingerezi ndipo dokotala ayenera kuwaŵerenga. Tikunena za luso lina, lotenga zimene waŵerenga ndi kuziwolotsa. Ndipotu aphunzitsi ambiri angachitire umboni kuti wophunzira amene walephera kufotokoza kuthamanga kwa magazi m'mau a agogo ake kaŵirikaŵiri amakhala kuti adangoloŵeza, sadamvetse. Mayeso a m'chilankhulo chachiŵiri amagwira kuloŵeza kumene mayeso a Chingerezi amakulekerera.

Chachiŵiri nchakuti zilankhulo nzambiri: mukalola Chiyao, nanga Chitumbuka, Chisena, Chilomwe, Chitonga, Chinkhonde? Funsoli m'dziko muno limafunsidwa kaŵirikaŵiri pofuna kutseka nkhani, osati kuitsegula. Yankho lake pano ndi losavuta kuposa la kupulayimale, pakuti yunivesite idasankha kale malo ophunzitsirako. Kumene imatumiza wophunzira, chilankhulo cha kumeneko chiloŵe m'zoyesedwa pa gawo limenelo. Sitikuyembekeza kuti mwana wa ku Karonga adzalankhula Chiyao ngati mbadwa m'milungu yoŵerengeka. Koma akhoza kuphunzira malonje, maina a ziŵalo, mafunso makumi angapo a masiku onse, ndiponso luso logwira ntchito ndi womasulira: kulankhula ndi wodwala osati ndi womasulirayo, kufunsa chinthu chimodzi panthaŵi imodzi, kupempha wodwala abwereze malangizo m'mau ake. Ena adachita kale zotere. Yunivesite ya Cape Town idaika Chixhosa ndi Chiafrikaans m'maphunziro a udokotala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nimayesa ophunzira pa zilankhulozo; ya KwaZulu-Natal idalamula kuti kuyambira m'chaka cha 2014 wophunzira aliyense watsopano aphunzire Chizulu.

Chachitatu ndi ndalama, ndipo apa tiyenera kuchenjera ndi njira yotsika mtengo imene maofesi angaikonde: kuonjezera mzere umodzi pa fomu wofunsa wophunzira ngati adakumana ndi vuto la chilankhulo. Mzere wotere udzabala chiŵerengero chokongola cha m'lipoti ndipo sudzasintha kanthu, chifukwa wofunsidwa ndi yemwe uja sadadziŵe kuti sadamve. Chimene wophunzira amachilemekeza ndi chimene chili ndi malikisi.

Chida chake chilipo kale. Kuyambira pamene Ronald Harden ndi anzake a ku Dundee adafotokoza njirayi m'chaka cha 1975, masukulu a udokotala amayesa ophunzira powayendetsa m'tizipinda motsatizana, mphindi zoŵerengeka m'kachipinda kalikonse, momwe amakumana ndi munthu woseŵera ngati wodwala. Palibe choletsa kuti kachipinda kamodzi kakhale ka Chicheŵa ndipo kena ka Chiyao, woseŵerayo akhale mayi wa kwa Mponda wophunzitsidwa mbali yake ndi kulipidwa, ndipo pakutha afunsidwe kuti anene zimene wauzidwa: mankhwala amwe kangati, abwerenso liti, aone chizindikiro chanji kuti athamangire kuchipatala. Zimene mayiyo wabweza ndizo muyezo. Kukambiranako kujambulidwe, kuti pochonga pakhale dokotala woona za udokotala ndi wa zilankhulo woona ngati funso lidafika monga lidachokera. Pamenepo madipatimenti a zilankhulo adzakhala ndi ntchito yoposa kukonza Chingerezi cha ophunzira a chaka choyamba: kusonkhanitsa mau a matenda monga anthu amawanenera ku Lungwena, ku Monkey Bay ndi ku Katuli, osati kupeka mau atsopano muofesi amene wodwala sadawamvepo.

Patsala woyesa wakunja, amene ena adzati sangapezeke. Chiyao sichithera pa malire a Chiponde. Chimalankhulidwa m'chigawo cha Niassa ku Mozambique ndi kum'mwera kwa Tanzania, ndipo chafufuzidwa mozama: Armindo Ngunga wa ku Mozambique adalemba za mneni wa Chiyao pa digiri yake ya ku Berkeley m'chaka cha 1997, ndipo Al Mtenje wa ku Zomba adalembapo za kamvekedwe ka mau ake. Chicheŵa nacho chili ndi eni ake ku Chipata ndi ku Tete. Woyesa wochokera ku Maputo, ku Dar es Salaam kapena ku Lusaka akhoza kumvera makambirano khumi ojambulidwa m'tsiku limodzi, monga momwe mnzake amaŵerengera mapepala khumi, ndipo lipoti lake likhoza kupita ku Seneti m'envulopu yomweyo.